Pentax Papilio II 6.5x21: zoonera agulugufe m'munda wa pakhomo

Vuto la munthu wofuna kudziwa agulugufe a pakhomo pake lili pa kamtunda kochepa, kuyambira theka la mita kufika mamita awiri. Mukayandikira kuposa apo gulugufe amathawa, mukaima patali maso saona timadontho tosiyanitsa mtundu wina ndi unzake. Ma binoculars wamba, aja oonera mbalame ku Dzalanyama kapena mvuu ku Liwonde, ambiri amayamba kuonetsa mbuu chinthu chikayandikira kufika mamita awiri kapena atatu, ndipo otchipa amagonjera patali kuposa pamenepo. Ndiye munthu amapezeka akubwerera chafutambuyo, kuponda mbande pabedi, kuti aone kanthu kamene kali pamphuno pake.

Pentax Papilio II anaipangira mpata umenewu. Dzina lakelo, papilio, ndi mawu a Chilatini otanthauza gulugufe. Imaonetsa bwino kuyambira pa masentimita 50 mpaka kumene maso alekezera, imalemera magalamu pafupifupi 290, ndipo imagwirika ndi dzanja limodzi. Ilipo ya mitundu iwiri, 6.5x21 ndi 8.5x21. Nambala yoyamba ikunena kuti chinthu chimakula kangati, yachiwiri ndi kukula kwa magalasi akutsogolo m'mamilimita. Tinenereretu maganizo athu: kwa agulugufe a m'munda tengani ya 6.5, ndipo musayerekeze kuinyowetsa pamvula.

Chinsinsi chake chili pa magalasi akutsogolo. Maso a munthu akamayang'ana chinthu chapafupi amapendekera mkati, monga amachitira mukamalowetsa ulusi pasingano. Ma binoculars wamba sangatero. Mbali zake ziwiri zimangoloza kutsogolo, choncho chinthu chikayandikira diso lililonse limaona zakezake, zithunzi zimakhala ziwiri, ndipo posakhalitsa mutu umayamba kuwawa. Mu Papilio magalasi awiriwo ali kuseri kwa galasi lathyathyathya lowateteza, ndipo mukamapotokola kagudumu kapakati kulowera pafupi amasuntha uku akuyandikizana. Itembenuzeni muyang'ane kumaso kwake mukupotokola kagudumuko, muwaona akuyenda. Zotsatira zake n'zakuti ngakhale pa theka la mita maso onse awiri amaona chinthu chimodzi, chooneka ndi thupi lake lonse, mpaka mutha kudziwa kuti mwendo uwu uli kutsogolo kwa tsamba, uwo kuseri.

Masamu ake ndi osavuta, ndipo ndi amene akusonyeza chifukwa chosankhira ya 6.5. Gulugufe amene ali pa mamita awiri amaoneka ngati ali pa masentimita 30. Amene ali pa masentimita 50 amaoneka ngati mwamuika pa masentimita 8 kuchokera pa diso, mtunda umene diso la munthu wamkulu palokha silingaonepo bwino. Pamenepo mamba a pamapiko amaoneka ngati matailosi a padenga, ndipo kamlomo kopindika kaja mumakaona kakutambasuka kulowa m'duwa. Koma malo amene mukuona amachepa. Ya 6.5 imaonetsa mamita 131 m'lifupi pa mtunda wa mamita 1,000, ndiye kuti masentimita pafupifupi 26 pa mamita awiri, ndi masentimita asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri okha pa theka la mita. Gulugufe wamkulu wokonda mitengo ya mandimu, wotambalala masentimita ngati 10, sakwana n'komwe pamenepo, mumachita kubwerera m'mbuyo pang'ono. Ya 8.5 imaonetsa mamita 105 okha pa mamita 1,000. Kusiyanako kumaoneka kochepa papepala, koma kanthu kamene kakudumpha duwa ndi duwa kamakusowani msanga, ndiponso kunjenjemera kwa manja kumakula limodzi ndi chithunzi. Ya 8.5 imapambana pokhapokha ngati mukufunanso kuonera mbalame m'mitengo italiitali.

Pali chifukwa chinanso, cha kuwala. Mukagawa 21 ndi 6.5 mupeza 3.2, kutanthauza mamilimita a kadontho ka kuwala kotuluka kulowa m'diso. Ya 8.5 imapereka 2.5. Dzuwa likuswa mtengo mboni ya diso imakhala mamilimita awiri kapena atatu, ndiye zonse ziwiri zimakwanira. Pansi pa mtengo wa mango kapena kuseri kwa mpanda, kumene agulugufe abulauni amakonda, ya 6.5 imaoneka yowalirapo.

Anthu ambiri amene amati chipangizochi chimawawitsa maso anangolephera kuchitchera tsiku loyamba. Thupi lake silipindika pakati ngati ma binoculars ena. Zimene zimasuntha ndi timigolo tiwiri ta kumaso, ndipo mukasuntha kamodzi kanzake kamatsatira. Titambasuleni kapena kutipanikiza mpaka mabwalo awiri asanduke limodzi. Timalola kuyambira mamilimita 56 kufika 74, kotero ana a ku pulayimale ambiri amatha kuonera, ngakhale aang'ono kwambiri maso awo amakhala oyandikana kuposa apo. Ovala magalasi asiye timphete ta labala tili pansi. Osavala atipotokole tikwere, apo ayi mithunzi yakuda imangoti phethiphethi m'mbali. Kenako matani pepala la nyuzipepala pakhoma muime mamita atatu. Phimbani mbali yakumanja ndi chikhatho, mupotokole kagudumu kapakati mpaka zilembo zioneke bwino ku diso lakumanzere. Phimbani kumanzere, kagudumu kapakati musakakhudzenso, mupotokole mphete ya pa kamgolo kakumanja mpaka zilembo zomwezo zioneke bwino. Kuphimba ndi dzanja kuli bwino kuposa kutsinzina, chifukwa diso lofinyidwa limanama. Kumbukirani pamene mpheteyo yaima, poti m'nyumba ya anthu ambiri aliyense amaisuntha.

Kagudumu kapakati kamazungulira maulendo angapo kuchokera pafupi kufika patali. Ichi ndi chabwino ndi choipa pamodzi. Pa theka la mita gawo looneka bwino ndi lopyapyala kwambiri, moti diso la gulugufe likhoza kuoneka bwino nsonga ya phiko ili mbuu, ndiye kagudumu koyenda pang'onopang'ono kamathandiza. Koma gulugufe akauluka kuchoka paduwa kukatera pamwamba pa mtengo wa gwafa, mukamamaliza kupotokola iye wapita kale. Njira yake ndi iyi: siyani kagudumu pa mtunda wa mita imodzi ndi theka, pomwe agulugufe ambiri amalola munthu kufika. Yang'anani gulugufe ndi maso kaye, musachotse maso pa iye, ndipo kwezani chipangizo chifike pamaso. Wofunafuna gulugufe ali kale m'magalasi amangoona masamba okhaokha. Mukakhala pafupi kwambiri lekani kupotokola, muziweramira kutsogolo kapena kumbuyo ndi thupi lonse, zigongono zili pachifuwa.

Kuyandikira kuli ndi malamulo ake amene chipangizo sichingakuchitireni. Mthunzi wanu usagwere pa gulugufe, ndipo pitani molunjika, osati chopingasa, chifukwa maso ake amazindikira msanga chinthu choyenda m'mbali. Akayamba kutsegula ndi kutseka mapiko mofulumira, imani. Nthawi yabwino mu Lilongwe muno ndi kuyambira cha m'ma 8 koloko kufika 11 m'mawa m'miyezi yotentha, pamene akuothera dzuwa mapiko ali tambalale. Mu June ndi July, m'mawa mukamazizira, amachedwa kudzuka ndipo amakhala aulesi, ndiye ndi nyengo yabwino yophunzirira. Masana a October amangouluka osatera, kapena kubisala pamthunzi mapiko atatseka.

Tsopano, kodi chimaonetsa chiyani chimene maso paokha saona? Yambani ndi gulugufe wa mtundu wa lalanje, wa nsonga zakuda zamawanga oyera, amene amauluka mwaulesi ngati alibe mdani. Ameneyu ndi Danaus chrysippus. Mbozi zake zimadya zomera za utomoni woyera ngati mkaka, ndipo poizoni wake amakhala m'thupi mpaka atakula, n'chifukwa chake mbalame zimamusiya. Koma pa agulugufe otere amene mungawaone pakhomo, ena ndi onyengezera: wamkazi wa Hypolimnas misippus amavala chimodzimodzi pamene alibe poizoni. Pa mamita atatu simungawasiyanitse. Ndi Papilio yang'anani phiko lakumbuyo. Danaus ali ndi madontho akuda atatu chapakati pa phikolo, ndipo wamwamuna ali ndi lachinayi lokulirapo, lomwe ndi kathumba ka fungo lokopera wamkazi. Wonyengezerayo alibe gulu la madonthowo. Pamwamba pa phiko pamaoneka banga limodzi chakumtunda, ndipo m'mphepete mwa phiko lake ndi mokhotakhota kwambiri. Mwamuna wa Hypolimnas ndiye safanana n'komwe ndi mkazi wake: ndi wakuda, wa mawanga akuluakulu oyera ozunguliridwa ndi buluu wonyezimira amene amaoneka ndi kuzimirira malinga ndi mmene dzuwa lamugwera.

Pamtengo wa mandimu kapena malalanje chipangizochi chimasanduka cha mlimi. Papilio demodocus, wakuda wa mawanga achikasu ndi timaso tiwiri tabuluu ndi tofiira pa phiko lakumbuyo lililonse, satera mwabata. Amayamwa mapiko akugwedezeka. Wamkazi akamazungulira mtengo muoneni bwino: amagogoda tsamba ndi miyendo yakutsogolo kuti alawe, kenako n'kupinda mimba kuikira dzira limodzi lozungulira, lachikasu chotuwa, pa tsamba lanthete. Dziralo ndi kanthu ka milimita imodzi ndi pang'ono, koma pa masentimita 50 limaoneka ngati kamkanda. Mbozi ikakhala yaing'ono imafanana ndi zitosi za mbalame, yakuda ndi yoyera. Ikakula imasanduka yobiriwira, ndipo mukaigwedeza imatulutsa tinyanga tiwiri tonunkha kuseri kwa mutu. Mtengo waukulu mbozizi siziupha. Mbande ya m'chubu ndiye zikhoza kuimaliza masamba onse, ndipo kumeneko kungozitola ndi manja n'kuzisamutsira pamtengo waukulu kumakwanira. Mukapopera mankhwala ngati cypermethrin mwapha ndi agulugufe omwe munagulira chipangizo kuti muziona.

Oyera ndi achikasu amavuta chifukwa satera nthawi yaitali. Wamkulu woyera mobiriwira pang'ono, wothamanga molunjika, kawirikawiri amakhala Catopsilia florella, amene mbozi zake zimadya masamba a keshya, mtengo umene uli paliponse mu mzinda muno. Wamkazi wake amatha kukhala wachikasu kapena woyera, ndiye musathamangire kulemba mitundu iwiri. Woyera wa mitsempha yabulauni kunsi kwa mapiko ndi Belenois aurota, uja nthawi zina amadutsa ambirimbiri kulowera mbali imodzi. Tachikasu tating'ono touluka munsimunsi m'udzu ndi ta mtundu wa Eurema, ndipo kuti mudziwe kuti ndi kati muyenera kuona mmene mzere wakuda wa m'mphepete mwa phiko lakutsogolo wakhotera mkati mwake. Kameneka kamatseka mapiko kakangotera, koma dzuwa likakhala kuseri kwake mzerewo umaonekera.

Pabwalo losesedwa ndi panjira ya miyala pamatera a mtundu wa Junonia, ndipo awa ndi abwino kuyambira nawo chifukwa amabwerera pamalo amodzimodzi mukawathamangitsa. Wakuda wa banga labuluu pa phiko lakumbuyo ndi timawanga toyera kutsogolo ndi Junonia oenone. Wachikasu ndi wakuda, nayenso wa banga labuluu, ndi Junonia hierta. Akatseka mapiko onse amangofanana ndi dothi. Palinso wotuwa wa madontho oyera ngati nkhanga, Hamanumida daedalus, amene amauluka chokwawa patsogolo panu m'njira. Muwerengeni miyendo mmodzi wa amenewa ali pansi. Mupeza inayi. Iwiri yakutsogolo ilipo, koma ndi yaifupi, yaubweya, yopindidwa pachifuwa, ndipo ichi ndi chizindikiro cha banja lonse la Nymphalidae, momwe muli Danaus ndi Hypolimnas omwe. Woyera wa pa keshya uja ndi wa m'mandimu amaima ndi isanu ndi umodzi. Tinyanga natonso timathandiza: ta gulugufe timathera ndi kachibonga, ta timagulugufe tabulauni tothamanga ta banja la Hesperiidae nthawi zambiri timathera ndi kangowe, pamene ta agulugufe ausiku ambiri ndi tosongoka kapena tonga nthenga.

Pamene Papilio imalipira ndalama zake zonse ndi pa tabuluu tating'onoting'ono ta pakapinga ndi m'nandolo, timene anthu ambiri amangotiyesa kanthu kamodzi. Apa pamwamba pa phiko sipathandiza kwenikweni, yang'anani kunsi. Ka Zizeeria knysna n'kamasentimita awiri okha, kalibe mchira, kunsi kwake n'kotuwa ndi timadontho takuda, ndipo mwa zomera zimene mbozi zake zimadya muli bonongwe. Ka Lampides boeticus kali ndi kamchira konga ulusi pa phiko lakumbuyo, timadontho tiwiri takuda pafupi ndi kamchirako, ndi mzere woyera wotambalala kunsi. Mbozi zake zimalowa m'maluwa ndi m'makoko a nandolo ndi mbewu zina za gulu la nyemba. Mukakaonetsetsa kali phee, muona kakutikita mapiko akumbuyo kuti timichira tija tigwedezeke ngati tinyanga, mbalame ijomphe kumbuyo m'malo mwa kumutu. Ka mizeremizere ngati mbidzi kunsi ndi ka mtundu wa Leptotes. Pamenepo lekezani. Mitundu ingapo ya Leptotes imafanana kwambiri moti akatswiri amaisiyanitsa pochita kung'amba ziwalo zoberekera pansi pa maikulosikopu. Palibe galasi la m'manja limene lingakuuzeni zoposa apo, ndipo wolemba dzina lonse pongoona ndiye kuti akungolota.

Msampha wina ndi wa nyengo, ndipo kuno, komwe dzinja ndi chilimwe zimasiyana kotheratu, umakola anthu ambiri. Precis octavia wa nthawi ya mvula ndi wofiira ngati lalanje lakupsa, wa mawanga akuda. Wobadwa nyengo yozizira ndi wabuluu wodera, wa mzere wa madontho ofiira, ndipo amakonda kugona m'magulu pamalo obisika monga m'tsinde mwa khoma kapena pansi pa denga. Kale ankayesedwa mitundu iwiri. Chimasintha mtunduwo ndi kutentha kumene mbozi inakulira. Abulauni a pamthunzi, a mtundu wa Bicyclus, nawonso amatero: a dzinja ali ndi timaso tikulutikulu kunsi kwa mapiko, a chilimwe timaso timachepa mpaka kungotsala timadontho, kuti afanane ndi masamba ouma. Mwa njira, Bicyclus anynana amene asayansi akhala akuweta m'malabotale kunja pofufuza nkhani imeneyi, kuyambira ku Leiden m'dziko la Netherlands, makolo ake anatengedwa ku Nkhata Bay mu 1988. Choncho polemba zimene mwaona, lembani ndi mwezi womwe.

Chipangizo cha theka la mita chimafuna agulugufe okhazikika, ndiye ndi bwino kuwakonzera pokhala. Maluwa a chisoso amakoka tating'ono tambiri, kotero siyani kachigawo kosapalira m'mbali mwa mpanda. Deliya akamachita maluwa mvula ikamatha amakoka akuluakulu, ngakhale amafunika kumudulira chifukwa amalanda malo. Lantana agulugufe amamukonda zedi, koma ndi chomera cholowerera chimene chimatha tchire ndipo chimadwalitsa ng'ombe. Ngati alipo kale muonerenipo, koma musabzale wina. Pafupi ndi mpopi konzani kadothi konyowa: beseni losazama, mchenga wodzaza, madzi ongonyowetsa osati kuyandama, ndi kamchere kotapa ndi zala ziwiri kapena ndowe pang'ono. Obwera pamenepo ambiri ndi amuna, akufuna mchere, ndipo amakhala nthawi yaitali osasuntha.

A mtundu wa Charaxes, amphamvu aja ouluka ngati mbalame pamwamba pa mitengo, maluwa alibe nawo ntchito kwenikweni. Amafuna zowola. Tengani nthochi zitatu kapena zinayi zakupsa mpaka kuda, masupuni awiri a shuga ndi theka la kapu ya masese, mukanye, muike m'chigubu kwa masiku awiri kapena atatu. Chivindikiro musamange kwambiri, mpweya umatha kuchiphulitsa. Pakani phalalo pakambale kapena pachiguduli, mupachike ndi waya pa msinkhu wa pachifuwa, pamalo a mthunzi wa apo ndi apo. Zolakwika zimakhala zitatu: kuika padzuwa, pomwe phala limauma ola lisanathe; kuika pansi, pomwe nyerere zimafika poyamba; ndi kugwiritsa ntchito nthochi zosasasa, zomwe zimangoitana ntchentche. Charaxes akayamba kuyamwa amaledzera ndithu, ndipo mutha kufika pa masentimita 50 n'kuona kamlomo kake kakupopa. Kumeneko mudzaona mitsempha yobiriwira ya Charaxes candiope, kapena kunsi kwa mapiko a Charaxes varanes konga tsamba louma pamene pamwamba pake ndi poyera ngati ngale chakuthupi. Makomo oyandikana ndi mitengo yachilengedwe, monga a m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, ndiwo amalandira ambiri.

Nyambo yomweyo madzulo imaitana Melanitis leda, wabulauni wamkulu wotuluka dzuwa likamalowa, ndipo apa m'pamene kufooka koyamba kwa Papilio kumaonekera. Kukamada mboni ya diso imakula kufika mamilimita asanu kapena kuposa, koma chipangizocho chimangopereka 3.2 yake ija, ndiye chithunzi chimada msanga kuposa mmene maso akuonera. Ma binoculars a 8x42 amapereka mamilimita opitirira asanu ndipo nthawi imeneyo amaiposa kutalitali. Tochi yaing'ono yowalitsa chammbali imathandiza.

Kufooka kwachiwiri ndiye kwakukulu kwa ife kuno. Papilio II simatchinga madzi. Agulugufe amachuluka kwambiri nthawi ya mvula ndi ikangotha kumene, kuyambira December mpaka cha mu May, nthawi yomwe mvula imatha kugwa mosachenjeza ndipo chinyezi chimakhala paliponse. Madzi akalowa mkati magalasi amachita nthunzi, ndipo pakapita miyezi nkhungu imamera ngati ulusi wa kangaude n'kudya utoto wa pagalasi, zomwe sizikonzeka. Yendani ndi jumbo m'thumba. Mukaitulutsa m'galimoto yozizira kulowa mumpweya wotentha wachinyezi, isiyeni m'chikwama chake kwa mphindi khumi isanatsegulidwe. Kunyumba musaisunge m'kachikwama kake m'kabati yotseka. Ikani m'kontena ya pulasitiki yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi ta silica gel, tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo tiziumitsidwa padzuwa lamphamvu nthawi ndi nthawi. Ikanyowa pang'ono, ipukuteni kunja muisiye pamalo odutsa mphepo, osati padzuwa kapena pafupi ndi mbaula.

Chilimwe chili ndi mdani wake, fumbi la September ndi October. Galasi lakutsogolo lilibe chotsekera chake, chophimba chilipo ndi cha kumaso kokha, ndiye limatola fumbi ndi zidindo za zala. Fumbi la kuno lili ndi timchenga. Mukalipukuta ndi malaya kapena nsonga ya chitenje mukupala galasi. Uzirani kaye ndi kapampu ka labala, kenako burashi yofewa, ndipo pomaliza kansalu kopukutira magalasi a maso. Thupi lake ndi la pulasitiki wokutidwa ndi labala, ndipo popeza mkati muli zoyenda, kugwa pasimenti ya pakhonde kukhoza kusokoneza magalasi mpaka zithunzi kukhala ziwiri. Lamba akhale m'khosi nthawi zonse, makamaka chikakhala m'manja mwa ana, ndipo onetsetsani kuti timapini take talowa mpaka kulira.

Pa kuona patali ndi yapakatikati. Mbalame ya pa waya wa magetsi muidziwa, koma chithunzi sichithwa ngati cha ma binoculars akuluakulu abwino, ndipo m'mbali mwa bwalo mumafewa pang'ono. Wofuna chipangizo chimodzi cha mbalame, nyama ndi agulugufe mwa apo ndi apo angachite bwino ndi 8x42 yotchinga madzi yoona kufika mamita awiri. Wofuna tizilombo, maluwa, mazira ndi mbozi sapeza zambiri zofanana nayo pa kulemera kumeneku.

Kuona kokha sikukwanira kudziwa dzina, makamaka poyamba. Foni imatha kujambula kudzera pa kamgolo kamodzi: tsitsani kamphete ka labala, gundanitsani kamera ya foni pakati pa galasi, mukulitse chithunzi pang'ono mpaka mdima wa m'mbali uchoke. Ndi manja awiri okha zimavuta, koma kunsi kwa Papilio kuli bowo la sikuluwu yokwana pa tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu, ndipo mukaimika moloza pa nyambo ya nthochi kapena pa mchenga wonyowa uja zimatheka bwinobwino. Jambulani pamwamba ndi kunsi kwa mapiko, chifukwa chithunzi cha mbali imodzi nthawi zambiri sichithetsa mkangano. Zithunzizo mutha kuziika pa tsamba la pa intaneti la iNaturalist, pomwe kompyuta imayerekeza dzina ndipo anthu odziwa amatsimikiza kapena kukonza. Dzina loyamba limene makina apereka musalimeze. Pa tabuluu ndi tabulauni amaphonya kawirikawiri. Mabuku a zithunzi a agulugufe a ku South Africa amathandiza pa mitundu yofala ya m'minda ya m'tauni, poti yambiri ndi yomweyo, koma ku Dzalanyama kapena ku Ntchisi mudzakumana ndi ina imene mulibe m'menemo.

Pogula, makamaka ngati mukuitanitsa kunja kapena kugula yogwiritsidwapo kale ntchito, werengani dzina bwino. Papilio yoyamba, yopanda II, imaona pafupi chimodzimodzi, koma ya II ili ndi utoto wochepetsa kunyezimira pa magalasi ake onse, ndipo kusiyanako kumaoneka mukayang'ana gulugufe woyera padzuwa. Musakopeke ndi ma binoculars a magalasi ofiira olembedwa manambala akuluakulu. Kukulitsa kwambiri pa ntchito iyi n'kopanda phindu, ndipo ambiri otere saona chilichonse chapafupi. Ikafika m'manja yeseni zinthu zitatu musanalipire kapena nthawi yobweza isanathe. Yalani tepi muyeze masentimita 50 kuchokera pa ndalama yachitsulo, muone ngati zilembo zake zikuwerengeka ndi maso onse awiri popanda kukoka. Yang'anani waya wa magetsi wapatali, muchotse chipangizo pang'onopang'ono kumaso mukuyang'anabe. Waya ukaoneka wothyoka, mbali ina pamwamba ina pansi, magalasi anasuntha ndipo musatenge. Pomaliza walitsani tochi ya foni kuchokera kumaso mukuyang'ana kutsogolo kwake. Timafumbi tiwiri titatu si kanthu, koma timizere tonga mizu kapena chifunga chosachoka ndi nkhungu imeneyo.